Mana Sagonera

M'nyumba ya agogo anga aamuna, kumudzi kwathu m'boma la Dowa kumene fodya ndi mtedza ndizo zinali ndalama za anthu, munali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma limene mwana aliyense wogona pakhomopo ankalidziwa monga adziwira njira ya kuchitsime: nsima ya madzulo ikatha, mbale zisanatsukidwe, munthu asanaganize n'komwe zoyala mphasa, agogo ankatokosa chingwe cha koloboyi kuti lawi likwereko pang'ono, natulutsa m'kabokosi ka matabwa Buku Lopatulika lokulungidwa m'kansalu kakuda, ndipo tonse tinkasendera pafupi. Bukulo linkayenda m'manja kuyambira kwa wamkulu kufikira kwa wamng'ono wodziwa zilembo, aliyense nawerenga ndime ziwiri kapena zitatu, kufikira mutu utatha. Agogo aakazi, amene maso awo anali atayamba kale kuchita mdima, sankaligwira, koma makutu awo sankagona, ndipo mwana akafuna kufupikitsa ntchito polumpha mzere, mawu ankatuluka pangodya pamene iwo anakhala akutongola chimanga: "Bwerera, mwanawe, wasiya mawu m'mbuyo."

Tinkaseka mobisa kalembedwe kake, pakuti m'buku lakale lija chilembo cha c chinkaima chokha pamene kusukulu ankatiphunzitsa kulemba ch, kotero kuti wosazolowera ankaphunthwa pa mzere woyamba womwe. Pa tsamba loyera la kuchikuto panalembedwa ndi inki yofuwirira mayina a ana onse a m'banjamo ndi masiku awo obadwira, ndipo pambali pa mayina atatu panali kamtanda. Pakati pa masamba pankagona makadi a mgonero, chikalata cha ukwati, ndi tsamba louma la mtengo limene agogo ankaikira chizindikiro pamene tinalekezera dzulo. Katsamba kameneko ndiko ndikakumbukira koposa zonse lero lino, chifukwa ndiko kanali mboni yakuti bukulo silinkatsegulidwa mwangozi, koma kuti tinali pa ulendo, ndi kuti mawa tidzayambira pamene tagona lero.

Tisananene za phindu la mwambo umenewu, n'koyenera kuti tikumbukire mtengo umene buku lija linagulidwa nalo, pakuti chinthu chimene munthu sadziwa kudza kwake sachedwa kuchipeputsa. Dr Robert Laws wa ku Livingstonia anatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chinyanja cha kunyanja m'chaka cha 1886. A David Clement Scott a ku Blantyre anali kulimbana ndi Chimang'anja, nasiya buku lawo lalikulu lomasulira mawu m'chaka cha 1892. Ndipo William Percival Johnson wa mpingo wa Anglican anamaliza Baibulo lonse m'chiyankhulo cha ku Likoma, limene linasindikizidwa mu 1912. Koma popeza Chinyanja chinali ndi malilime ambiri, wa ku Thyolo nayankhula mosiyana ndi wa ku Kasungu, amishoni anapangana m'chaka cha 1900 kuti pakhale buku limodzi lomveka kwa onse, ndipo goli lalikulu la ntchitoyo linagwera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, amene anakhala zaka zambiri ku Mvera, pamodzi ndi akuluakulu a mtundu wathu odziwa kulemera kwa liwu lililonse, akusinkhasinkha, kutsutsana ndi kulembanso. Anathandizana nawo Alexander Hetherwick ndi Robert Napier a ku Blantyre. Napier ameneyu anaphedwa pa nkhondo mu 1918, osaliona bukulo m'manja mwa anthu. Linatuluka mu 1922, ndipo tsopano papita zaka zoposa 100 likulankhula m'matchalitchi a Malawi, a kum'mawa kwa Zambia, a ku Tete, ndi kulikonse kumene anthu athu anapita kukafuna ntchito, ku Salisbury wakale ngakhale ku migodi ya Johannesburg.

Pambuyo pake anabwera ena. Akatolika analandira Malembo Oyera mu 1966, ntchito ya Bambo Louis Villy. Ndipo mu 1998 kunatuluka Buku Loyera, limene Akatolika ndi mipingo ina anagwirira limodzi, m'Chichewa chofewa chimene mwana wa sitandade 5 angamve wopanda womumasulira. Ndikumbukira mkangano umene unabuka pansi pa mtengo wa mango pa tchalitchi chathu pamene akulu a mpingo anapeza kuti m'buku latsopanoli dzina lakuti Yehova lasanduka Chauta: ena anati ndiko kubwezera Mulungu dzina limene makolo athu ankamutchula pokapempha mvula, ena anati ndiko kusakaniza za kukachisi ndi za ku nyumba ya Mulungu, ndipo dzuwa linapendeka asanamvane. Ine ndinali mnyamata womvetsera chabe, koma tsopano ndikaganiza ndimaona kuti mkangano wotere sungachitike pakati pa anthu osawerenga. Anakangana chifukwa mawuwo anali awo.

Ndipo kuti buku ili si chinthu chozizira, ngakhale atsamunda anazindikira. John Chilembwe ataukira boma mu Januwale 1915, boma linaika bungwe lofufuza chimene chinayambitsa chipolowecho, ndipo mwa zina zimene bungwelo linafunsa amishoni panali funso lakuti kodi n'kwanzeru kulola munthu wakuda aliyense kugula Baibulo ndi kuliwerenga yekha, popanda mzungu womuuza tanthauzo lake. Hetherwick anayankha kuti munthu wa dziko lino angathe kumva Malembo monga Mkhristu wina aliyense. Taonani tsono chodabwitsa: chimene eni minda a ku Chiradzulu ankaopa kuti tingachiwerenge, ife adzukulu a anthu omwewo tachitsekera tokha m'sutikesi, popanda bwanamkubwa kapena msilikali wotiletsa.

Ndikunena ife, ndipo woyamba ndine. Pamene ndinapita kutauni kukayamba ntchito, agogo anandigulira Baibulo langalanga, nalemba dzina langa pachikuto ndi dzanja lonjenjemera. Ndipo kwa zaka zimene ndichita manyazi kuziwerenga, bukulo linkatuluka Lamulungu lokha, likwapatiridwa m'khwapa monga mbali ina ya suti, nkubwerera masana pamwamba pa kabati pamene linkadikira sabata yotsatira. Sindinasiye kupita kutchalitchi, sindinasiye kupereka, ndipo akanandifunsa munthu ndikanayankha ndi mtima woona kuti ndimalikonda Baibulo. Koma tsiku lina, pofuna ndime yoti ndikawerenge pa maliro a mnzanga wa kuntchito, ndinalitsegula nkupeza kuti njenjete zandiyambira kale kuwerenga, zaboola njira kuchokera ku Yoswa kufikira ku Mafumu, ndipo ine mwini sindinkadziwanso ngati Habakuku ali kumbuyo kapena kutsogolo kwa Zefaniya.

Pali nkhani m'buku la Eksodo, mutu 16, imene agogo ankakonda kuibwereza, ya chakudya chija chotchedwa mana chimene ana a Israele ankatola m'chipululu. Chinkagwa m'mawa uliwonse kupatula tsiku la Sabata, munthu natola chokwanira tsiku lomwelo. Ndipo iwo amene anayesa kuchenjera posungirako cha mawa anachipeza kutacha chitagwa mphutsi ndi kununkha. Akuluakulu athu amati mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo n'zoonadi, pakuti ndime yowerengedwa paubwana ikhoza kudzuka mumtima patapita zaka makumi atatu. Komatu kudya kwake sikugonera. Munthu sangadye nsima ya sabata yonse Lamulungu m'mawa nayembekeza kulima nayo kufikira Loweruka, ngakhale ikhale yophikidwa ndi mlaliki waluso chotani. Ulaliki wa pa guwa ndi phwando, ndipo phwando ndi labwino. Koma thupi limamangidwa ndi chakudya chosatchuka cha masiku wamba, chimene munthu sakumbukira n'komwe kuti anadyera ndiwo yanji.

Nanga kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku kumachitanji mwa munthu? Sindidzalonjeza zimene ena amalonjeza, zakuti wowerenga sadzadwala, kapena kuti malonda ake adzayenda, pakuti Yobu ndi Yeremiya ali m'buku lomwelo kuti atitsutse. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi. Kumayambiriro kwa chaka cha 2002, pamene njala inagwa m'chigawo chathu chapakati, chimanga chitasowa m'misika ndipo anthu akudya madeya ndi zitsa za nthochi, ndinapita kumudzi ndi kathumba ka ufa kamene ndinakwanitsa. Agogo aamuna anali atatisiya kale, koma mwambo wa madzulo unalipobe, mdzukulu wina akuwawerengera agogo aakazi. Ndipo zinangochitika kuti katsamba kaja kanali pa 1 Mafumu 17, pa nkhani ya mkazi wamasiye wa ku Zarefati, amene anali ndi kaufa kotsiriza m'mbiya pamene Eliya anamupempha chakudya. Mwanayo atamaliza, agogo anakhala chete kanthawi, kenaka anati: "Mwamva, ana inu? Mayi ameneyu sanayambe waona ufa ukuchuluka. Anayamba wapereka." M'mawa mwake ndinawaona akutapa mbale ziwiri m'kathumba kanga kaja, natuma mwana kuti akapereke kwa mayi wina wa kuseri kwa mudzi amene sanali mbale wathu, ndiponso sanali wa mpingo wathu.

Ndiyenera kunena zoona: ufa wathu sunachuluke. Unatha msanga ndi masiku awiri, ndipo ine ndinadandaula mumtima ulendo wonse wobwerera. Koma chimene ndinazindikira pambuyo pake n'chakuti agogo sanafunike kulimbana ndi mtima wawo usiku wonse kuti achite chimenecho, pakuti zaka makumi asanu za kumva nkhani zotere madzulo ali onse zinali zitawakonzera kale njira, monga mapazi a anthu opita kudambo amapanga njira m'tchire popanda wina kunyamula khasu. Khalidwe la munthu pa tsiku la tsoka silipangidwa tsiku lomwelo. Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo chikafika chimapeza mumtima zokhazo zimene zinaikidwamo pang'onopang'ono masiku a mtendere.

Chinanso chimene wowerenga amalandira ndi mawu a m'kamwa pamene ake atha. Ndani mwa ife sanakhalepo pa siwa, kapena pambali pa bedi m'chipatala usiku wa manda, nafuna kupemphera koma lilime lili gwa? Masalimo 150 aja analembedwa ndi anthu amene analira, anakwiya, anaopa adani, anadzimvera chisoni chifukwa cha tchimo, ndipo ena a iwo anafika pofunsa Mulungu mafunso amene ife aulemu wa chikhristu sitingayerekeze kuwatchula pagulu. Wozolowera kuyenda m'menemo amadziwa kuti kulira pamaso pa Mulungu si kusakhulupirira, ndipo pa ora loipa amapeza pemphero lomudikira, losulidwa kale.

Tsono pali kuwerenga kwina kumene kwafala masiku ano, kumene ndikuopa kuti kukutinamiza kuti tadya pamene tangonunkhiza. M'mawa uliwonse foni imalira, ndipo pa WhatsApp pamabwera ndime imodzi yokongoletsedwa ndi maluwa ndi dzuwa lotuluka, munthu nayankha Amen, natumiziranso ena khumi, tsiku nkuyamba. Sindikunyoza wotumizayo, pakuti cholinga chake n'chabwino. Koma taonani kuti ndime zimene zimayenda chotere n'zamtundu umodzi wokha, za madalitso, za kupambana ndi za adani ogwa, ndipo simudzalandira m'mawa wina chidzudzulo cha Amosi pa iwo onyenga pa sikelo, kapena cha Yakobo pa iwo osunga malipiro a antchito awo. Tiyenera kukumbukira kuti manambala a mitu ndi ndime sanalembedwe ndi aneneri kapena atumwi. Mitu inagawidwa ndi Stephen Langton, amene anadzakhala mkulu wa mabishopu ku Canterbury, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo ndime za Chipangano Chatsopano zinaikidwa manambala ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551, kuti zithandize pofunafuna malo. Paulo sanalembere Akorinto ndime. Anawalembera kalata, ndipo kalata ya kwa amalume siwerengedwa mzere umodzi wa pakati, wina nauika m'thumba nati wamva zonse.

Apa ndipo pagona ngozi yeniyeni. Mng'ono wina wa mayi anga, mayi wopemphera ndithu, anagulitsa mbuzi ziwiri kuti akagule kabotolo ka madzi odalitsidwa kwa mlaliki wina wodzitcha mneneri, amene anawawerengera theka la ndime nasiya theka linalo, ndipo pamene ndinawafunsa kuti, "Kodi amayi aang'ono, munayang'ana m'Baibulo mwanu ngati zili choncho?" anandiyankha kuti Baibulo lawo amagona nalo kumutu, pansi pa pilo, kuti liwateteze ku afiti. Ndinasowa chonena. Buku limene anthu anathera zaka makumi awiri akulimasulira kuti limveke lasanduka chithumwa, ndipo chithumwa sichitsegulidwa. Anthu a ku Bereya, m'buku la Machitidwe mutu 17, anayamikiridwa chifukwa ankasanthula Malembo tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene anamva zinali zoona. Ndipo wolalikira amene ankamuyesa choteroyo anali Paulo mwiniwake. Ngati Paulo sanakhumudwe poyesedwa, sindiona chifukwa chimene mlaliki wa pa wailesi angakwiyire. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo wodziwa kung'amba mkuyu ndi yekhayo amene anazolowera kuugwira.

Wina adzati, nanga onse owerenga ndi abwino? Iyayi. Ndikudziwa akulu ena otha kutchula mutu ndi ndime monga wowerengera ndalama, koma amene akazi awo amagona ndi misozi. Pakuti pali munthu wowerenga Baibulo monga wopita kutchire kukadula chikoti, kufunafuna ndime yokwapulira mnzake. Ngakhale woyesa uja m'chipululu anatchula Salimo pofuna kugwetsa Yesu. Kusiyana kwake, monga ndikuonera ine, kuli pa funso limene munthu amalowa nalo m'bukumo: wina amafunsa kuti mawu awa akunena yani, wina amafunsa kuti akundiuza chiyani ine. Ndipo kuwerenga motsatana, mutu ndi mutu, kuli ndi ubwino uwu, kuti sikulola munthu kusankha zomukomera zokha. Mawa lake udzafika ndithu pa tsamba limene likuloza chala pa iwe, ndipo katsamba kouma kaja sikadzakulola kulumpha.

Kuti m'bukumo muli malo ovuta, palibe wokana. Ambiri amene anayamba ndi changu mu Januwale pa Genesis anafera m'chipululu cha Levitiko mwezi wa Febuluwale usanathe. Nduna ija ya ku Itiyopiya inali kuwerenga Yesaya m'galeta lake, koma inavomera kwa Filipo kuti singathe kumva popanda woitsogolera. Ndipo mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake mipingo yathu inakonza zothandizira, zimene tili nazo pafupi koma sitizigwiritsa ntchito. Sinodi ya Nkhoma ili ndi kabuku ka Mlozo kolozera mawu a tsiku lililonse; Akatolika ali ndi mawerengo a Misa a tsiku ndi tsiku, ndiponso miphakati, imene Bishopu Patrick Kalilombe anailimbikitsa mu Dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 kuti akhristu oyandikana nyumba azigawana Mawu; amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amakumana pakati pa sabata; ndipo ana a sukulu ali ndi SCOM ndi Scripture Union. Kunena zoona, amayi ndiwo asunga moto umenewu. Timoteo anaulandira kwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, ndipo kufikira lero, mukaona Baibulo lothaitha masamba ndi lakuda m'mphepete chifukwa cha zala, kawirikawiri mwini wake amavala duku.

Za nthawi tisanamizane. Baibulo la mabuku 66 lili ndi mitu 1,189, ndipo wowerenga mitu itatu patsiku, ndi isanu Lamulungu, amalimaliza chaka chisanathe. Koma sindikukakamiza munthu liwiro limeneli, popeza kuthamanga sikufika, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mutu umodzi, wowerengedwa mokweza ndi mofatsa, sutenga nthawi yoposa imene ketulo imatenga kuti iwire pa mbaula. Amene maso awo afooka, ndi amene sukulu inawadutsa, angathe kumvera pa foni kapena pa wailesi, ngakhale kuti ine ndikadasankha liwu la mdzukulu, chifukwa pamenepo odyawo amakhala awiri. Agogo anga ankadzuka tambala woyamba kupita ku munda, ankabwera msana utauma, mafuta a koloboyi ankagula a m'kabotolo. Ife tili ndi magetsi, kapena nyale ya sola magetsiwo akazima, ndipo tili ndi mabaibulo atatu pa shelefu ndi lachinayi m'foni.

Chotero ndikupemphani inu abambo anzanga makamaka, amene mwasiyira amayi ndi aphunzitsi a Sande sukulu ntchito imene makolo athu ankaigwira okha: usiku uno, mbale zisanachotsedwe, tsitsani wailesi ya kanema, tsegulani Uthenga Wabwino wa Marko, umene uli ndi mitu 16 yokha, ndipo mupatse mwana wamkulu ayambe. Adzaseka, adzayasamula, wina adzalumpha mzere, mubwezeni. Buku la agogo lija lili kwa ine tsopano, chikuto chake nditachisoka ndi ulusi wa nsapato, ndipo pa tsamba la mayina ndawonjezapo anayi. Kwathu dzulo tinalekezera pa Marko mutu 6, ndipo lero woyamba kuwerenga ndi mwana wanga wotsiriza, amene chilembo cha c chikumuvutabe.